Mfuti ya alamu pa vayisi yanga

Usiku wathawu ndinalota zinthu zoti mpaka pano tiyi wangozizira m'kapu, sindinamwe. Ndikuuzani zonse, koma ndiyambe ndi za masana kaye, chifukwa malotowa sanachokere kutali.

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ndine wowotcherera pa Mponela, kashedi kanga kali kuseri kwa chigayo. Mabedi, mageti, mawilibala, mafelemu a njinga, chilichonse chachitsulo chimadutsa m'manja mwanga. Ndili ndi lamulo langa limene anzanga amandiseka nalo: chimene ndawotcherera ndimachiyesa ndekha mwini wake akuona. Mpando ndimaukhalira, bedi ndimadumphapo, geti ndimalendewerapo ngati nyani. Sindifuna munthu azikanena kunyumba kwake kuti uja ndi wamatama chabe.

Lolemba lapitali kunabwera alamu anga a Mbewe, amuna a mlongo wanga Lute, kapitawo wa pa esiteti ina ya fodya. Anatulutsa m'jumbo mfuti yawo ya m'manja, ija yokhala ndi kagudumu ka zipolopolo pakati, akuluakulu amati volovolo. Kanyundo ka kumbuyo, kamene kamamenya chipolopolo, kanali katathyoka pakati. Iwo akuti mfutiyo inagwa pa simenti. Lute ali ndi bala pamwamba pa khutu la kumanzere, nayenso akuti anagwa pa simenti. Nkhoswe ya banja limeneli ndine. Kawiri konse Lute wabwera kwanga ndi katundu pamutu, ndipo kawiri konse ndamubweza ndi mawu aja akuti banja ndi kupirira. Mfutiyo ili m'bokosi langa la zida. Zoti ndiwotcherere kanyundoko sindinavomere, sindinakane, ndinangoti tiona.

Ndiye m'malotomo kunali masana, dzuwa lili paliwombo, ine ndili pamzere ndi jumbo ija m'manja. Ndimangodziwa kuti ndabwera ku shopu kumene alamu anagula mfutiyo, kuti andisinthire kanyundoko poonetsa pepala la galanti, lija lolonjeza kusintha chinthu chikathyoka, ngakhale malowo anali chigayo chathu chomwechi, ufa uli m'mwamba kuti mbuu. Mzere unali wautali, amuna okhaokha, aliyense atanyamula chothyoka. Wina mpini wa khasu, wina lamba woduka, wina mwendo wa mpando, wina payipi yopindika. Palibe amene ankayang'ana mnzake, aliyense maso pansi ngati tili pa maliro.

Pa kauntala panali mayi wina wathupi, atavala yunifomu ya anamwino koma kumaso ali ndi magalasi anga akuda owotcherera. Ndinamupatsa pepala ndi mfuti. Anawerenga, n'kugwedeza mutu.

"Galanti ilipo, nthawi yake sinathe," anatero. "Koma yathyokera pa chiyani?"

"Pa simenti, mayi."

"Bweretsani simentiyo tiione."

Nditatembenuka ndinapeza Lute ali kumbuyo kwanga, atavala chitenje chimene anavala pa chinkhoswe chake, manja ali kumbuyo ngati mwana wa sukulu. Mayi uja anatambasula mkono, mkonowo n'kutalika kudutsa paphewa langa, n'kumugwira Lute chibwano ndi kumupendeketsa mutu. Kenako anatenga chiduswa cha kanyundo kaja n'kuchiika pa balalo. Chinalowa ndendende, osatsala mpata ngakhale wa tsitsi. Magazi anayamba kutsika m'khosi mwake pang'onopang'ono, iye osaphethira n'komwe.

"Galanti sigwira ntchito chinthu chikathyokera pa munthu," anatero mayi uja. "Nanga amene amamubweza munthuyu ndi ndani?"

Amuna onse a pamzere aja anadzutsa mitu n'kundiloza ine. Tangoganizani, anthu oti aliyense wanyamula chimene anathyolera pa mkazi wake, n'kumaloza ine! Manyazi ndinalibe ayi, chimene chinandigwira ndi ukali. Ndinalanda payipi kwa amene anali pafupi n'kumumenya nayo pakamwa, milomo n'kung'ambika. Wina ndinamuponda pabondo, linalira ngati nkhuni youma. Ndiye onse anandiunjikira. Mpini pamsana, lamba kumaso, mwendo wa mpando m'nthiti, ine ndili pansi ndikugubuduka mu ufa. Wina ndinamuluma khutu mpaka linatsala m'kamwa mwanga. Wina anandiponda nsagwada ndi jombo, mano n'kuyamba kuguluka. Nditalavula sanali mano, anali manati a mabawuti, ali magazi okhaokha. M'malotomo ndinakumbukira kuti paja kuguluka mano ndi maliro a pachibale, ndiye ndinayamba kuwatola limodzilimodzi n'kumawabwezera m'kamwa, anthu akundimenyabe.

Kenako ndinangopezeka ndili m'shedi mwanga. Koma shediyo inali itasamuka, inali pabwalo la nyumba ya alamu ku esiteti, pafupi ndi chigafa cha fodya. Alamu anali atakhala pa mpando wanga, mwendo pa unzake, akudya nzimbe n'kumalavulira makoko pa mapazi anga.

"Akukanani eti, alamu?" anatero. "Paja ndinakuuzani. Chitsulo ndi chitsulo basi, wotchererani."

Mumtima ndinali nditakonza mawu ambiri. Ndimafuna kuwauza kuti mlongo wanga si simenti, kuti mayi athu sanamuberekere kuti azithyolerapo zitsulo. Nditatsegula pakamwa, manati aja anangolira kuti wayawaya, ndipo mawu amene anatuluka ndi akuti, "Chabwino alamu." Pa maloto onsewa apa ndi pamene pakundiwawa kwambiri, chifukwa liwu limenelo ndi langa ndithu, lomwe lija ndimalankhula nalo masana.

Ndiye ndinapana mfuti ija pa vayisi, chopanira zitsulo chija. Pomanga, inayamba kulira ngati kankhumba akakagwira miyendo, koma ine ndinamangabe mpaka inasiya. Ndodo zowotcherera zinali zitatha, ndiye ndinazula sipoko pa njinga ya munthu wina imene inali pakhoma. Magalasi ndinalibe, paja anatsala ndi mayi wa kuchigayo uja, choncho ndinawotcherera ndi maso chabe, misozi ili chuchuchu. Mbaliwali zinkadumpha n'kukagwera pa chigafa. Fodya anagwira moto, nkhuku zimene zinali m'katimo zinatuluka zikuyaka nthenga, zikuthamanga pabwalo ponse, ndipo alamu ankangotambasula mwendo n'kuziponda mitu imodziimodzi osadzuka pampando.

Nditamaliza ndinapala ndi galayinda n'kupukuta ndi nsanza. Anzanga, ntchito inatuluka bwino. Mzere wake wosalala, polumikiza posaoneka, munthu akanati yangochoka kumene m'bokosi. Ndikuvomera pamaso panu kuti ndinanyadira. Chigafa chikupsa, nkhuku zili mbwee pansi, ine ndikutembenuza mfutiyo padzuwa n'kumadzitama mumtima kuti pa Mponela palibenso wina.

Ndinaipereka ndi manja awiri. Alamu anabweza manja awo kumbuyo.

"Ayi, alamu. Paja inu mumayesa nokha mwini wake akuona."

Nditayang'ana uku ndi uku, pabwalo panali patadzaza matenanti a pa esiteti, amuna ndi akazi, atazungulira ngati akuonera mpira. Ena ankaomba m'manja. Kagudumu kaja kanali katadzaza zipolopolo, sindikudziwa kuti anaikamo ndani. Ndinalozetsa pa mtengo wa mango umene unali pakona n'kukhethemula. Phuu! Dzanja linachita dzanzi mpaka m'phewa. Khungwa linang'ambika ndipo mtengowo unayamba kutuluka magazi, ambiri, akuyenderera mpaka kunyowetsa nsapato zanga.

"Mtengo sudandaula," anatero alamu. "Yesani china."

Anthu anakankhira mbuzi pakati. Inali yoyera, ili ndi chingwe m'khosi, ikungondiyang'ana uku ikubzikula. Ndinawombera. Inagwa chagada, miyendo ikupalasa m'mwamba, mutu utatseguka mbali imodzi. Anthu anakuwa ngati chigoli chalowa.

Apa ndi pamene mutu unandizungulira. Ndinadzifunsa kuti kodi ine ndikupheranji mbuzi yosalakwa pamene mwini mlandu wakhala apa akudya nzimbe? Ndinatembenuka n'kulozetsa pa chifuwa cha alamu, pa batani lachiwiri la malaya awo. Ndinamva kukoma kumene sindinakumvepo chibadwire, ndipo ndinakhethemula ndi mtima wonse.

Alamu anapitiriza kutafuna. Malaya awo sanabooke n'komwe. Koma kuseri kwa nyumba kunamveka beseni likugwa, mbale zikumwazika, kenako mfuu ya munthu wamkazi. Nyumbayo inachita ngati yasuntha yokha, ndipo ndinamuona Lute ali pansi pafupi ndi thandala la mbale, atagwira phewa, magazi akutuluka pakati pa zala. Ndinaganiza kuti mwina ndaphonya. Ndinayandikira mpaka mfuti inakhudza mphumi ya alamu, n'kuwomberanso. Bondo la Lute linaphulika. Ndinawomberanso kachitatu, ndikulira, ndikutukwana mawu oti sindingawalembe pano, ndipo chipolopolo chinamupeza m'chiuno. Alamu anangochotsa kachikoko ka nzimbe pamano.

Ndiye ndinati basi, chimene ndakonza ndekha ndichiphwanya ndekha. Ndinaika mfutiyo pa chiduswa cha njanji chimene ndimasulirapo zitsulo, n'kutenga hamala yanga yaikulu ija. Ndinamenya kamodzi ndi mphamvu zonse. Mfuti sinaphwanyike, koma mkono wa Lute unapindika pamene palibe mfundo. Ndinamenyanso, nthiti zake zinalira ndikumva. Ndinafuna kusiya, dzanja linakana. Linkangokwera lokha n'kutsika, kukwera n'kutsika, ngati si langa. Ndinaligwira ndi dzanja linalo, onse awiri n'kuyamba kumenyera limodzi. Matenanti aja anayamba kuwerenga mokweza, folo, faifi, sikisi, ngati ana a sukulu.

Alamu anayasamula, n'kutambasula miyendo, n'kuika manja kunkhongo.

"Menyani, alamu," anatero. "Ine ndipumeko."

Lute anayamba kukwawa kubwera kwa ine, akukoka mwendo wothyokawo, m'fumbi mukutsala mzere wofiira. Sankalira. Atafika anagwira mwendo wa buluku langa n'kuika mutu wake pa njanji paja, pambali pa mfuti, ngati munthu wotopa amene wapeza pilo. Anatseka maso. Hamala inali m'mwamba. Ndinakuwa kuti Lute choka, Lute choka, koma dzanja linali litayamba kale kutsika.

Ndinadzidzimuka ndili chiimire pabedi, akazi anga atapanikizika pakona akukuwa kuti, "Bambo a Chisomo, mutipha!" Chibakera chinali chitalowa m'khoma, pulasitala atagumuka, mfundo za zala ziwiri zitang'ambika. Kunja kunali kutayera kale, anthu akupita kumsika.

Ndikumanga zalazo ndi nsanza, foni inalira. Anali Lute, akulankhula monong'ona.

"Achimwene, chinthu chija mwakonza?"

"Ayi, sindinachikhudze."

"Chonde ingokonzani. Akuti mukuchedwetsa dala chifukwa ine ndinawanenera kwa inu. Dzulo anandifunsa kwambiri. Mawa m'mawa akubwera kudzatenga, akapanda kuchipeza chili bwino ine ndiye ndidziwanso."

Mawu ake ankatuluka mbali imodzi ya pakamwa, ndinamva ndithu. Ndinati, "Lute, siya zonse, nyamuka ubwere kuno lero lomwe." Iye anangoti, "Alamu anu akubwera apa," foni n'kuduka.

Ndiye anzanga, mutu umodzi susenza denga, ndithandizeni. Malotowa akutanthauza chiyani? Koma wina asandiuze kuti ndinadya kwambiri nyemba, kapena kuti maloto amatembenuka, ukalota magazi ndiye kukubwera ukwati. Lero zoseka ndilibe. Volovoloyo ndikaikonza, ndapereka mfuti yogwira ntchito m'manja amene ndikuwadziwa. Ndikaikana, mwamva nokha amene akayankhe mlanduwo. Akazi anga akuti ndikaisiye kupolisi, mnzanga wa pachigayo akuti ndiiponye m'chimbudzi n'kunena kuti yabedwa, koma onsewa sakundiuza kuti pa ola limenelo Lute adzakhala ali kuti. Ndili ndi mantha, ndipo ndikudzida.

Amene mumadziwa kumasulira, masulirani msanga. Foni ya Lute ndayimba kasanu, sikupezeka.