Nthambi Zisanu za Agogo Anga

Anabwera Lachiwiri m'mawa, ine ndili ndi payipi m'manja, ndikuthirira kapinga pa nyumba ya bwana wanga ku Area 12. Inali nyengo ija likulu linkasamuka ku Zomba, malole odzaza matebulo a boma akulowa mu Lilongwe tsiku ndi tsiku. Amuna awiri ovala majekete anagogoda pa geti nafunsa ngati gadeniboyi ndine. Ndinavomera.

"Tenga kope lako lija, tizipita," anatero wamtaliyo.

Ndinapempha kuti ndiyambe ndatseka mpopi, ndipo anandilola. Mpaka lero ndimawathokoza, chifukwa bwana wanga akanandikhululukira kumangidwa, koma osati kutaya madzi.

M'kopemo munali mtundu wathu. Mudzi wathu utasamutsidwa kuti pamangidwe maofesi a ku City Centre, ndinachita mantha kuti tibalalika ndipo mayina a makolo atayika. Amene ankawadziwa onse anali munthu mmodzi yekha, agogo anga aamuna, malume awo a mayi anga. Lamulungu lililonse ndinkapalasa njinga kupita kumudzi watsopano, iwo n'kumatchula, ine n'kumalemba. Kopelo ankadana nalo kwabasi.

"Mnzanga, chinthu chimenecho chiswe chidzadya. Bwanji osaika m'mutumo?"

Ine ndinkawayankha kuti mutu wanga ndi wobowoka ngati sefa.

Pamwamba pa tsamba loyamba ndinalemba tsinde lathu, mayi uja anachokera kumapiri a ku Dedza. Iyeyo anabereka ana aakazi asanu, ndipo aliyense ndi zidzukulu zake agogo ankamutcha bele: bele lalikulu, bele lachiwiri, mpaka laling'ono. Koma ine, munthu wa sitandade sikisi, ndinaona ngati n'kulaula kulemba mabele m'kope. Ndinalemba nthambi. Kumapeto ndinajambulako mapu a manda athu akale. Sindidziwa amene anasuzumira m'kopemo n'kukanena, koma masiku amenewo nthambi zinali za chipani chokha, ndipo chipanicho chinali chimodzi.

Ananditengera ku ofesi ina ku Old Town. Wofunsa mafunso anali bambo waukhondo, wa zolembera zitatu m'thumba. Anatsegula kope langa mosamala.

"Nthambi zisanu, mayina, ndi mapu. Mumakumana kuti?"

"Kawirikawiri pa maliro, bwana."

Analemba zimenezo.

"Mkulu wa nthambi yachitatu ali kuti?"

"Ali m'kankhalango kaja kuseri kwa maofesi atsopano."

Anadzambatuka mpaka mpando unagwa. "Ali ndi anthu angati?"

"Onse a nthambi yake, bwana, kupatula amoyo."

Ndinafotokoza kuti kankhalangoko ndi manda, koma anati ndikumuyesa chitsiru. Lachinayi anabwera ndi anzake awiri ndipo sanafunse ndi pakamwa pokha. Khutu langa lakumanzere linasiya ntchito tsiku limenelo.

M'ndende, nsabwe ndi chidebe cha pakona ndinazizolowera msanga. Chimene chinkandidya mumtima chinali china. Kope lapita, ndipo agogo ndinawasiya akutsokomola. Akanamwalira ine ndili mkati, mtundu wonse ukanalowa nawo m'manda. Ndinalira, sindibisa. Kenako ndinayang'ana dzanja langa n'kuona kuti zala ndi zisanu. Chala chachikulu ndinachipatsa bele lalikulu, kachala kakang'ono bele laling'ono, ndipo m'mawa uliwonse ndinkatchula mayina mokweza. Sabata yoyamba ndinkakumbukira ochepa. Ena ankabwera okha, wina ndikudya, wina ndikukolopa, ngati alendo ochedwa pa ukwati.

Anzanga a m'chipindamo poyamba ankati ndazungulira mutu, koma m'kupita kwa masiku anayamba kundivomereza ngati nyimbo. Panalinso mlonda wina wachikulire amene ankaimirira pakhomo ngati sakumva. Tsiku lina, nyengo yozizira, anamenya chitseko ndi ndodo.

"Iwe wa nthambi! Wadumpha mayi uja anabereka mapasa kawiri. Yambiranso chala chachinayi!"

Ndinayambiranso, ndipo ankanena zoona.

Ananditulutsa Loweruka lina mvula yoyamba itagwa, patatha miyezi isanu ndi iwiri. Bambo wa zolembera zitatu uja sanandiyang'ane kumaso.

"Anthu ako tawafufuza. Ambiri ndi akufa."

"Ndinanena, bwana. Nanga kope langa?"

"Ndi katundu wa boma. Pita."

Sindinadutse n'komwe ku Area 12. Ndinalunjika kumudzi wapansi, mtima uli m'mwamba, ndikumvetsera ndi khutu limodzi ngati kukumveka kulira. Ndinawapeza agogo pansi pa mtengo wa mango akusema mpini. Anali atawonda zedi, koma pakamwa panali pomwe paja.

"Wabwera, mnzanga. Kope lili kuti?"

"Analanda."

Anaika kasemasema pansi. "Basi, tatha. Mpweya wobwerezera zonse zija ine ndilibenso."

Ndinakhala pansi, n'kutambasula dzanja, n'kuyamba ndi chala chachikulu. Iwo anatsinzina, milomo yawo ikuyenda pamodzi ndi yanga. Sanandidule ngakhale kamodzi. Nditapinda kachala komaliza, anatsegula maso.

"Ine zaka ziwiri ndalimbana nawe, osatheka. Boma miyezi isanu ndi iwiri yokha! Ali ndi aphunzitsi abwino anthu amenewa."

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, misozi ili mbwembwembwe, ndipo anagwira dzanja langalo osalisiya.

Anamwalira chimanga chikucha. Pa maliro awo, amene anaimirira kufotokoza kumene tinachokera ndinali ine.

Anthu amandifunsa kuti ufulu ndinaumva liti. Sindinaumve pa geti la ndende. Ndinaumva patapita zaka zambiri, tsiku limene ndinatchula anthu anga mokweza pabwalo popanda wondifunsa kuti timakumana kuti. Zidzukulu zanga ndimaziphunzitsa ndi zala, ndipo zimaseka zikamva mawu aja ndinkachita nawo manyazi. Ndimazisiya ziseke, koma nthambi sinditchulanso. Ndi mabele, ndipo alipo asanu.