Dzina Lomwe Ndinafufuta pa Seva

Ndinalowa ntchito pakampani ina yokiliya katundu wochokera kunja pafupi ndi bwalo la ndege ku Chileka ndili ndi setifiketi yatsopano ndiponso mwano wosasimbika. M'chipinda cha makompyuta ndinapezamo abambo ena achikulire a ku Lirangwe, amene ankabwera pa minibasi m'mawa uliwonse. Maseva, makompyuta akuluakulu osunga zonse za kampani, analipo anayi, ogwira ntchito mothandizana, ndipo iliyonse inkafunika dzina lake kuti anzake aziizindikira pa netiweki. Abambowo anawapatsa mayina a ana awo anayi, nalemba pa timapepala n'kumata pa makinawo. Ine kuseka mpaka misozi.

"Kodi muno ndi kusikelo ya ana?" ndinatero.

"Achemwali, nambala imaiwalika. Mwana saiwalika," anandiyankha.

Chaka changa chachiwiri, mwana wawo woyamba, mtsikana wa folomu thu, anagundidwa ndi lole pa Lirangwe tsiku la msika. Tinapita kumaliro tonse. Kale lonse abambowo anthu ankawatchula bambo a uje, potengera dzina la mtsikanayo. Koma pochokera kumanda ndinamva ndi makutu angawa apongozi awo akuwaitana ndi dzina la mwana wachiwiri. Kuyambira pamenepo dzina lija linaleka kutchulidwa, ati n'kutokosa chilonda. Kuntchito nafenso tinatsatira zomwezo.

Linatsala pamalo amodzi basi: pa seva yoyamba. M'mawa uliwonse asanaike ketulo, ankakhala pampando, n'kulowa mu sevayo, dzina lija n'kuonekera pa sikirini. Ankaliyang'ana kwa kanthawi osataipa chilichonse. Tsiku lina anandiuza osatembenuka, "Kunyumba amake salola. Kumanda chiliza kulibe. Muno mokha ndi momwe ndimaliona litalembedwa."

Kenako kunabwera maseva atsopano asanu ndi atatu. Bwana analamula kuti za mayina a ana zithe, makina onse azitchedwa chileka kenako nambala. Abambo aja, amene sindinawaonepo akupempha kanthu, anapempha atavula chipewa. Bwana analola kuti akale anayi aja atsale ndi mayina awo.

Lachisanu lomwe tinayenera kuyatsa atsopanowo, abambo aja anachedwa, anaperekeza akazi awo kuchipatala. Ine ndinaona mpata. Njira yawo yokonza makina amodziamodzi inkandinyansa, ndinkati n'zachikale. Ndinaganiza zongokopera zonse za mu seva imodzi n'kuthira mu atsopano onse. Nanga ndikanasankha iti? Yoyamba ija, imene ankaipukuta tsiku ndi tsiku, yosavutavuta. Anali atandichenjezapo kuti ukakopera, dzina limapita nawo, uzilisintha usanayatse. Ndinamva, koma linalowera uku n'kutulukira uku. Kuthamanga sikufika, abale.

Ndinayatsa onse nthawi imodzi. Mayo ine! Makina asanu ndi anayi, dzina limodzi. Uthenga wopita kwa uyu unkagwera kwa uyo, zonse pwirikiti. Mapepala a katundu anaima. Panja makasitomala ankamenya chitseko, wina akukuwa kuti mankhwala ake akupsa ndi dzuwa. Bwana ankaimba foni mphindi iliyonse.

Abambo aja analowa cha m'ma leveni, thukuta lili kamukamu. Anayang'ana pa sikirini. Dzina la mwana wawo linali pamenepo kasanu ndi kanayi, mzere pansi pa mzere. Anagwira tebulo, nakhala pansi pang'onopang'ono. Sananditukwane. Bola akananditukwana.

Ine manyazi ndi mantha zinandigwira, ndipo ndikachita manyazi ndimapsa mtima. "Tasunthani, ndikonza ndekha!" ndinawakalipira munthu wamkulu ngati bambo anga. Ndinataipa lamulo lachidule pa kompyuta: makina alionse okhala ndi dzina ili, alichotse, atenge nambala. Sindinapatule yoyamba ija. Sindinaiganizire n'komwe.

"Achemwali, tadikirani," anatero.

Chala chinali chitadina kale. Mizere inasintha umodziumodzi, chileka-01, chileka-02, mpaka 09. Ntchito inayambanso kuyenda. Panja anthu anaomba m'manja, zitsiru, osadziwa kanthu.

Nditazindikira zomwe ndachita, ndinathamangira kwa bwana kuti ndibwezere dzina pa seva yakale ija. Anakana. Mapepala anali atayamba kale kulembetsedwa pa nambala yatsopanoyo, ndipo anati wokhudzanso makinawo aona msana wa njira. Ndinakuwa, ndinamenya tebulo lake, sizinathandize. Ndinabwerera m'chipinda cha makompyuta.

Abambo aja ndinawapeza atagwada kutsogolo kwa seva ija, akumatula kapepala kawo ndi chikhadabo mosamala kuti kasang'ambike. Anakapinda kawiri, naika m'thumba la shati. Madzulo tinayenda limodzi mpaka pa siteji. Iwo anadikira minibasi yawo, ine ndinakwera kabaza wa ku Kuntaja, ndikulira njira yonse.

Lolemba ndinalawirira kuti ndipepese. Analowa nthawi yawo yomweija, koma pampando sanakhalepo. Analunjika ku ketulo. Ndinaima kumbuyo kwawo, mawu onse omwe ndinakonza atathawa. Ndiye ndinachita chimene aliyense anasiya: ndinawaitana ndi dzina lakale lija, bambo a mtsikana uja, mokweza ndithu.

Dzanja lawo linaima pa ketulo. Kenako anathira madzi m'kapu.

"Achemwali," anatero, "ameneyo muno mulibenso."