Loko wa pa mjigo wathu

Ndinaganiza zochoka tsiku lomwe ndinapita kuchitsime cha kudambo nditavala yunifolomu ya unamwino. Ndinali ndikugwira ntchito pa kachipatala ka kwathu kwa Magodi, ukwati utatha, nditabwerera kumudzi kwa bambo. M'mawa umenewo m'nyumba munalibe ngakhale dontho. Ndinaima pamzere nsapato zoyera zikumira m'matope, ndikuyang'ana madzi otuwa omwe ndinkaletsa odwala kumwa, ndipo ndinapsa mtima. Kalata yondiitana kukasamalira okalamba ku Ingalande inali itakhala m'Baibulo mwezi wathunthu. Masana omwewo ndinaiyankha.

Yemwe anandiperekeza kukakwera basi ku Lundazi anali mlamu wanga, anyaZimba. Tinakulira limodzi, iye asanakwatiwe ndi mchimwene wanga, ndipo nkhata yanga yoyamba anandipotera ndi iyeyo. Pa depoti sanalire. Anangondipatsa kathumba ka mtedza wokazinga n'kunena kuti, “Mulamu, mukalemela kumeneko musakatiiwale ise a madzi a matope.”

Ntchito ndinaipeza m'katauni ka kumpoto kwenikweni kwa Ingalande, pafupi ndi malire a Sikotilandi. Madzi ankatuluka pakhoma, otentha ndi ozizira, koma sindibisa, ndinali wosungulumwa koopsa. Munthu umatha sabata osamva wina akukufunsa za abale ako. Chodabwitsa n'chakuti chomwe ndinkachisowa kwambiri chinali chitsime chomwe chinandithamangitsa chija: phokoso la ndowa, miseche ya amayi, fungo la udzu wonyowa, ndi kuseka kwa anyaZimba ndikaterereka ndi madzi pamutu. Lamlungu ndinkagula kakhadi koimbira foni, n'kumamufunsa nkhani zopanda pake, za yemwe ng'ombe zake zalowa m'dimba la mnzake, kuti ndingomva mawu a kwathu.

Mwa okalamba omwe ndinkawasamalira munali a Wilisoni, mlimi wa nkhosa wopuma, wamakani ngati ine ndemwe. Nthawi imeneyo nduna yaikulu ya dziko lonse inali yochokera ku Sikotilandi, ndipo nkhope yake ikangooneka pa wailesi ya kanema, a Wilisoni ankamenya ndodo pansi. Anali atagulitsa nyumba yawo kuti alipire chisamaliro chathu, pomwe kutsidya kwa mapiri omwe tinkawaona pawindo, boma linkathandiza okalamba kulipira owasambitsa ndi kuwadyetsa.

“Anthu a kwawo ali ndi nyumba ya malamulo yawoyawo,” ankatero ndikuwameta ndevu. “Za chipatala ndi za sukulu amagamula okha. Ndiye uyu akamaika lamulo la chipatala changa, omwe anamusankha silikuwakhudza. Akalakwitsa, wolira ndine, ndipo ine sindingamuchotse.”

Ine ndinkawaseka. Ndinkawauza kuti dziko ndi limodzi, munthu wanzeru ndi wanzeru, achokere kumpoto kapena kumwera. Ndinkawanena kuti ndi tsankho basi, ndipo mwina pang'ono linalipo. Iwo ankangoti, “Nzeru sindikumukana. Ndikuti adzagone pabedi panga pano sabata imodzi.” Anamwalira tisanagwirizane, ndipo ndinawalira kuposa momwe ndinkayembekezera.

Ndalama ndinkatumiza, za feteleza, za maliro, za malata. Koma zomwe ndinkasunga padera zinali za chinthu chimodzi, ndipo patapita zaka zambiri galimoto yokumba inafika m'mudzi mwathu. Mjigo utatulutsa madzi, anyaZimba anandiimbira amayi akululutira kumbuyo kwake. Anandiuza kuti asankha komiti, ndipo wapampando ndine. Ndinakana kamodzi kokha, mwaulemu chabe, chifukwa mumtima ndinali nditavomera kale.

Upampando ndinaugwira ndi manja awiri. Ndinali nditamva kuti mijigo ya midzi ina inathyoka chifukwa chopopedwa tsiku lonse, ndiye ndinalamula kuti wathu uzitsegulidwa m'mawa mpaka naini koloko, utsekedwe ndi tcheni ndi loko, udzatsegulidwenso dzuwa likapendeka. AnyaZimba anayesa kunena za kumunda, koma ine ndinali ndi mfundo zambiri ndiponso mayunitsi ambiri. Mafoni a zithunzi atabwera ndinkati azinditumizira chithunzi cha loko masana, ndipo chinkabweradi: loko ali pamalo pake, pansi posesedwa bwino. Ndinkaonetsa anzanga kuntchito, ndikudzitama kuti mudzi ndikuuyendetsa ndili kuno.

Msana utayamba kukana kunyamula okalamba, ndinabwerera kwathu. Inali nyengo yokumba mtedza, womwe kwathu timati nshawa. Msewu unali womwewo, koma mitengo ya mango ya pasukulu inali itadulidwa, ndipo amayi omwe ndinkaima nawo pamzere ambiri anali kumanda. AnyaZimba anandichingamira ali ndi imvi. “Monile mulamu, mwafika? Mwanenepa ngati mwana wa abusa!” Tinakumbatirana, ndipo nthawi ino analira.

M'mawa mwake ndinapita kukaona mjigo wanga. Ndinakondwa kuona loko akunyezimira ngati wagulidwa dzulo, wopanda dzimbiri ngakhale pang'ono. Ndinayamikira komiti chifukwa chosamala katundu. Amayi anayang'anana, n'kuyankha kuti yewo.

Sabata yachiwiri, masana ena, mdzukulu wa anyaZimba, kamtsikana koyamba kumene kuyenda, amake anabwera nako kwa ine kali lefulefu, maso atalowa. Kanali katatsegula m'mimba kuyambira dzulo lake. Ndinasakaniza mchere ndi shuga, koma ndowa yanga inali itatha, ndipo nditathamangira kumjigo ndi jagi ndinapeza tcheni. Ndinagwedeza loko, ine mwini wake wa lamulo, dzuwa likundiwotcha pamutu. Ndili pomwepo ndinaona amayi atatu akutsikira kudambo ndi ndowa, makasu adakali paphewa.

AnyaZimba anabwera ndi kiyi akuthamanga. Titamwetsa mwana ndinafunsa mlamu wanga kuti kanamwa madzi ati.

“A kudambo,” anatero.

“Mjigo ulipo, mukumwa a kudambo?”

Anakhala pansi n'kutambasula miyendo, monga ankachitira tili atsikana akafuna kundiuza zoona. “Mulamu, m'mawa tili kumunda tikumba nshawa. Madzi tifuna masana tikawelako, pophika na posamba. Lamulo lanu tinaliyesa mwezi umodzi, ana anayamba kudwala. Ndiye loko uja tinamuika m'sutikesi. Mukafuna chithunzi, timamutulutsa, tasesa, tajambula, tamubweza. Popopa tinagawana tokha, nyumba na nyumba, ndipo mjigo sunathyokepo.”

“Nanga bwanji tsopano mwatseka?”

“Chifukwa mwabwela. Tikanachita bwanji, a cheyamani ali pakhonde akutiona? Munatipatsa madzi imwe. Sitinafune kukuchititsani manyazi.”

Ndinachita manyaziwo ndithu, ndipo ndinachitanso mantha. Zaka zonse ndili kutali mudzi unkamwa madzi abwino, ndipo unabwerera kudambo sabata yomwe ine ndinafika. Ndinakumbukira a Wilisoni ndi ndodo yawo. Nduna ija inali ndi chowiringula, poti inasankhidwa ndipo inkakhala m'dziko lomwelo. Ine ndinalibe ngakhale chimenecho. Palibe tsiku limodzi lomwe ndinakhalapo ndi ludzu chifukwa cha lamulo langa, ndipo panalibe yemwe akanandichotsa, chifukwa munthu sachotsa pampando yemwe wamukumbira mjigo.

Mwanayo anachira patapita masiku atatu. Lamlungu titatuluka m'tchalitchi ndinaitana amayi pa mjigo n'kuwauza kuti ndatula pansi upampando, asankhe wina. Ndinkayembekezera kuti andinyengerera pang'ono. Koma wina anaphulika kuseka, onse n'kutsatira. Wapampando anali naye kale, anamusankha chaka chomwe mjigo unakumbidwa, ndipo anali anyaZimba.

Ndinafunsa ngati ndingakhaleko membala wamba. Mlamu wanga anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zanga za ku Ingalande. “Tungani nafe mpaka mvula ikagwe, pa Okutobala pomwe, mzele ukafika kumsewu. Mukatelo tidzakumvelani.”

Anandipatsa loko ndi kiyi wake kuti ndichite nazo zomwe ndikufuna. Ndinakatsekera sutikesi yanga n'kuikankhira kunsi kwa bedi. Tsiku lopopa la nyumba yathu ndi Lachiwiri masana, ndipo ndimaima pamzere kumbuyo kwa aliyense yemwe wafika ine ndisanafike. Nkhata anandipoteranso anyaZimba, chifukwa ndinali nditaiwala kapotedwe kake.