Woweruza Mbuzi wa ku Ligowe

Aneba athu kuno ku Ligowe, amene anapuma ntchito yolondera akaidi chaka cha referendamu, amaweruza mbuzi zawo. Ikangodya chimanga cha eni, amaiimika pabwalo: "Sabata ziwiri pachingwe, palibe apilo!" Ife timangofa nazo.

Tsiku lina anthu anagwira bambo wina akuba mbuzi ya aneba athuwa, ndipo anafuna kumutengera kupolisi. Anebawo anakanitsitsa.

"Kodi ndende mukuidziwa inu? Mwadzaza akuba nkhuku ndi mbuzi okhaokha. Wina analowa ali mnyamata, n'kutuluka ndi imvi mlandu usanazengedwe n'komwe. Ana a bamboyu adyetsa ndani? M'masuleni, akandipalirire kumunda basi."

Atatero anatembenukira mbuzi ija, nkhope ili gwaa.

"Koma iwe unamutsatira osalira n'komwe, eti? Mwezi wathunthu!"