Vinyo wa Apongozi Sanunkhizidwa

Apongozi anga aamuna anatsika sitima pa Limbe Loweruka lapitali atanyamula mtanga wa mlamba wowamba wochokera ku Nsanje. Chikwatire mwana wawo Esitere, anali asanapondemo m'nyumba mwathu ku Chinyonga. Sanabwere kudzaona tauni ayi. Anabwera kudzaona ngati mwana wawo akusungidwa bwino, ndipo mudzi wonse unali kudikira zimene akanene.

Owerenga akale mukudziwa kuti ine ndi vinyo wofiira tili pa ubwenzi wa ponda apa nane ndipondepo. Sindine wa mabotolo odula a m'mahotela. Wanga ndi uja wa Chipwitikizi wobwera m'chibotolo cholukiridwa ngati dengu, amene amwenye a ku Limbe amagulitsa pamtengo woti kalaliki ngati ine n'kugula ana osagona ndi njala. Ndiye ndinati lero mkuluyu aone kuti mwana wake anakwatiwa ndi munthu wodziwa zinthu.

Patebulo ndinachita zonse zimene ndinaonera kunyumba kwa bwana wathu wa ku ofesi, ku Namiwawa. Ndinawathirira pang'ono chabe pansi pa galasi. Langa ndinalizunguza bwinobwino, n'kulowetsamo mphuno, n'kutsinzina.

Potsegula maso ndinapeza apongozi akundiyang'ana. Anayang'ananso galasi lawo, n'kulikankhira patali ndi chala chimodzi.

Ndinachita mantha, sindinama.

Esitere anandikodolera kukhitchini. "Inu, mwatani kodi? Mukununkhiza chakumwa pamaso pa bambo? Iwotu akuona ngati chavunda, kapena mwathiramo kanthu. Ndiye mwawathirira kadontho ngati mankhwala a chifuwa. Akakanena kumudzi kuti ndinakwatiwa ndi munthu woumira, ine nkhope ndikaiika pati?"

"Ndi mmene amamwera azungu," ndinatero ine.

"Nanga bambo angawa ndi mzungu?"

Safunsa anadya phula. Mphunzitsi ndinali naye m'nyumba momwemo, koma ndinakatenga nzeru ku Namiwawa.

Ndinabwerera ndi tambula yaikulu, n'kuidzaza mpaka m'milomo. Ndinanjuta, n'kuyamba kumwa ndine pamaso pawo monga achitira mwini mowa, kenaka n'kuwapatsira ndi manja awiri. Analandira. Atalawa, nkhope inachita makwinya.

"Mowa wanuwu, apongozi, ukumanga m'kamwa ngati nthochi yosapsa."

Sananame. Vinyo wotchipa payekha ndi waukali, amafuna mnzake womuweta. Ndipo mnzakeyo anafika: Esitere analowa ndi mpunga ndi mlamba uja, wophikidwa ndi tomato, anyezi ndi kambuzi pang'ono. Ndinawapempha kuti atsine nsombayo kaye, vinyo atsatire pambuyo.

Abale anga, sindinalawepo ukwati wabwino chotere! Mafuta a mlamba anachotsa kumanga konse kuja, fungo la utsi linagwirana ndi kuwawasa kwa vinyoyo, ndipo pomeza pankatsala kakomedwe konga ka nthudza zakupsa. Odziwa za vinyo amati wofiira ndi wa nyama ya ng'ombe, nsomba n'za vinyo woyera. Amene anaika lamulo limeneli anadyapo mlamba wa mu Shire?

Ine ndayesa zambiri, ndipo ndikuuzeni ulele. Vinyo wa m'chibotoloyu amakonda nthumbwana za mbuzi, makamaka zimene amaphika mlamu wanga ku Chirimba. Amakonda nyemba zothira anyezi wambiri. Ngakhale mtedza wokazinga wamchere amaulandira ndi manja awiri. Uja wopepukirapo wochokera ku Joni, wotsekemera pang'ono, m'patseni nkhuku yowotcha ya tsabola, mudzandithokoza. Koma usipa ayi, ndapota nanu. M'kamwa mumamveka ngati mwanyambita msomali. Za therere musandifunse n'komwe, ndinayesa kamodzi ndipo mkazi wanga amasekabe mpaka lero.

Vinyo alibe mlandu. Amalowa m'mbale zathu popanda kudandaula. Ovuta ndife, anthu a m'tauni, amene tikatola chakumwa cha eni timatolera pamodzi ndi miyambo yawo, osafunsa kuti mlendo wathu aziona bwanji.

Taonani zimene tayamba. Munthu wayenda ulendo wautali, fumbi mpaka m'nsidze, ife n'kumufunsa kuti, "Mudya?" Kodi mlendo amafunsidwa? Iye mwaulemu akana, ife n'kubweza mbale m'kabati mtima uli mbee. Wina amaika botolo pamwamba pa wailesi chaka chonse kuti anthu aziona, osatsegula. Ndani anayamba wakhutapo ndi maso?

Sindikunena kuti titaye magalasi. Ndikakhala ndekha ndi Esitere, mphuno yanga idzalowamobe, chifukwa fungo la vinyo ndi theka la kukoma kwake. Koma mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo amapita ndi zimene waona, osati zimene iwe umatanthauza mumtima.

Pofika tambula yachiwiri, apongozi anali atavula jekete. Anatisimbira za mvuu imene inawalanda chimanga kudimba, akuyesezera mayendedwe ake pakati pa chipinda, ife kuseka mpaka misozi. Anapukuta mbale ndi chala, n'kunena m'Chisena chawo kuti, "Pyadidi!" kutanthauza kuti zakoma. Kenaka anatembenukira kwa mwana wawo.

"Esitere, ndikawauza amayi ako kuti azigona tulo. Pakhomo pano pali munthu."

Mkazi wanga anatola mbale msangamsanga kuti tisaone kuti akulira. Ine ndinakondwa ngati ndakwatira kachiwiri.

Nanga inu, mlendo amene munamuperekeza posachedwapa, akukakunenerani zotani kwawo?