Tsiku Limene Ndinapatsa Mkwatibwi Mwamuna Wolakwika

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Giredi 6 ku Lundazi, pamene ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti amama anali olemera kuposa aliyense pa boma, kungoti ankabisa. Ntchito yawo inali yoimba m'maukwati. Anthu ankabwera panjinga kudzawapempha, ndipo Loweruka lililonse la m'chilimwe ankanyamuka ndi anzawo awiri: a NyaPhiri a ng'oma, ndi a NyaZimba ovomera nyimbo. Tsiku lina ndinaona lichero litadzaza ndalama patsogolo pawo akuimba, ndipo kuyambira pamenepo anzanga kusukulu sanapumenso. Ndinkawauza kuti amama amapeza tsiku limodzi zimene ahedi amalandira pamwezi. Akandifunsa chifukwa chake ndinkavala mapatapata omanga ndi waya, ndinkati kwathu sitikonda kudzionetsera.

Lachinayi lina a NyaZimba anadwala chifuwa, mawu n'kutsekeka. Ukwati unali Loweruka, kumudzi wina wa ku Kapichila. Amama anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati mbuzi ya pamsika, kenako anati, "Iwe pakamwa pako sipatseka. Tiye ukapagwilitse nchito."

Mawa lake ndinathamangira kumsika, kwa bambo wina wogulitsa salaula, zovala ndi nsapato zovalidwapo kale, ndipo ndinasankha nsapato zakuda zokhala ndi kalamba. Ndinamuuza kuti azibise pansi pa thumba mpaka Lolemba. Atandifunsa kumene mwana ngati ine ndikapeze ndalama, ndinakweza chibwano n'kumuuza kuti ndine woimba.

Nyimbo zonse ndinkazidziwa chifukwa amama ankaziyeserera akuchapa kapena akusesa. Chimene chinkasintha pa ukwati uliwonse ndi mayina okha. Ulendo uno mkwatibwi anali Tamara, mkwati anali Mateyu. Koma sabata yonse yapitayo m'nyumba mwathu munkamveka dzina la Lameki, mkwati wa ukwati wina umene amama anali atangoimbako, ndipo dzinalo linali litandikhala palilime.

Tinafika pa njinga ziwiri zahayala, fumbi lofiira lili mbuu mpaka m'nsidze. Pabwalo panali chisakasa cha udzu, fungo la nyama ya mbuzi, ndi migolo ya thobwa yozunguliridwa ndi njuchi. Mkwati anakhala chowuma m'suti yobwereka, atavala magolovesi oyera padzuwa lonse lija. Mkwatibwi anawerama monga mwa mwambo, osaseka, osayang'ana munthu. A NyaPhiri atagunda ng'oma, amama anatsegula kukhosi, ndipo ngakhale agalu anasiya kulimbirana mafupa. Iwo ankafunsa moimba kuti, "Tamala wapita ndi yani?" Ine n'kumavomera, "Wapita ndi Mateyu!"

Zinayenda bwino mpaka nthawi yofupa. Anthu anayamba kuvina akuponya ndalama m'lichero, ndipo maso anga anasiya amama n'kupita komweko. Ndinkaona nsapato zanga zikugwa imodziimodzi, kenako masokosi, kenako chikwama. Pamene bambo wina anaponya ndalama yapepala yaikulu, ndinaiwala kumene ndinali. Amama anafunsanso kuti Tamala wapita ndi yani, ndipo ine, ndi mawu anga onse, ndinakuwa kuti, "Wapita ndi Lameki!"

Ng'oma inatsimphina n'kuima. Chimene sindinkadziwa n'chakuti m'mudzimo munalidi Lameki, kalipentala amene anafunsirapo Tamara koma makolo n'kumukana chifukwa cha kuchepa kwa ng'ombe. Anali atakhala kumbuyo pafupi ndi mgolo wa thobwa, nkhope ili ngati wabwera kumaliro. Atamva dzina lake anaimirira, anapukuta pakamwa, n'kubwera kutsogolo akuvina pang'onopang'ono, manja atatambasula. Anaponya m'lichero zonse zimene zinali m'thumba mwake. Mapewa a mkwatibwi anayamba kugwedezeka. Mkwati anavula golovesi limodzi. Azakhali ake a mkwati, mayi wamkulu thupi, anamanga chitenje mwamphamvu n'kuyamba kulunjika kwa ife.

Amama sanaphethire. Anakodola a NyaPhiri kuti ng'oma ipitirire, n'kupeka mawu pomwepo: Lameki wabwera kudzaperekeza, koma mwini khomo ndi Mateyu. Ankaimba akumwetulira, dzanja lina litagwira khutu langa n'kumalipotoza motsatira ng'oma. Bwalo lonse linaphulika ndi kuseka. Abale a mkwati, pofuna kuonetsa kuti sangaposedwe ndi kalipentala, anakhuthula matumba awo. Mateyu anavalanso golovesi lake.

Dzuwa litapendeka ndinaona chinthu chimene sindinachimvetse. Mayi wina ananyamula lichero lija, analivindikira ndi nsalu, n'kulowa nalo m'nyumba. Ndinakoka amama chitenje kuwauza kuti akutibera.

"Khala chete," anandinong'oneza. "Zija n'za eni ukwati. Zathu zikubwela."

Zathu zinabweradi: envulopu yopyapyala, kabeseni ka mtedza, ndi bakha womangidwa miyendo. Azakhali aja anafuna kubweza bakhayo monga chindapusa cha pakamwa panga, koma amama anawakumbutsa mwaulemu kuti pakamwa pomwepo ndi pamene panadzazitsa lichero. Anamusiya monyinyirika.

Panjira tinaima pansi pa mtengo, amama n'kutsegula envulopu. Eni njinga analandira zawo. A NyaPhiri analandira zawo, kuphatikizapo zokonzetsera chikopa cha ng'oma. Zina anapatulira a NyaZimba, chifukwa akuti munthu sadwala dala. Zotsala zinali za shuga, sopo ndi parafini wa sabata imodzi. Ine ndinalandira zokwana zitumbuwa zitatu, ndi udindo wonyamula bakha, amene asanafike kunyumba anali atanena maganizo ake pa diresi langa la kutchalitchi.

"Amama, ndiye zonse izi?" ndinafunsa misozi ili m'maso.

"Lelo zayenda bwino, mwana wanga. Kwina amatipatsa zikomo ndi mutu wa mbuzi."

Kwa mwezi wathunthu ndinkazungulira njira yaitali kuti ndisadutse pa salaula. Bakha uja tinamuyembekezera kuti aikire mazira, koma anapezeka kuti ndi wamwamuna. Nsapato zinabwera pa Khirisimasi, pambuyo pa maukwati ambiri, ndipo pofika nthawiyo ndinali nditayamba kuona kuti Lamlungu lililonse amama ankangolankhula ndi manja, akumwa madzi ofunda a mandimu.

Masiku ano oimba amabwera pagalimoto ndi zokuzira mawu zazitali ngati zitseko, ndipo sanyamuka kwawo theka la ndalama lisanalowe pafoni. Chaka chatha, pokonzekera ukwati wa mwana wanga, mnyamata wina woimba wa ku Chipata anatchula mtengo wokwana kugulira ng'ombe, wa maola atatu okha. Sindinatsutse, chifukwa ndikudziwa mmene khosi limawawira. Koma amama, amene tsopano amayenda ndi ndodo ndipo amati samvanso bwino, mtengowo anaumva ali kukhonde.

"Muuze akhale kwawo," anakuwa. "Ndipatseni theka, ndiimba ndine."