Fulashi ya Apongozi Inakana Mtolo Waukulu

Lachinayi lapitali ndinatsala pang'ono kudana ndi apongozi anga chifukwa cha nambala imodzi.

Apongoziwo ali ku Nsanje. Miyendo inawakaniza kubwera ku ukwati wa mdzukulu wawo, ndiye analamula kuti ndiwatumizire vidiyo. Mnansi wathu, a Nachanza, ankanyamuka ulendo wa komweko 12 koloko masana. Ndinathamangira kwa a Esinati, mayi wokonza makompyuta mu kontena ina pamsika wa Zingwangwa, kuti andikopere vidiyoyo mu fulashi.

Inayamba bwino, koma itafika pakati inaima. Kachiwiri chimodzimodzi.

"Fulashi yanuyi ndi yofooka, bambo," anatero a Esinati. Anandifotokozera kuti mkatikati mwa kompyuta muli kapitawo wotchedwa kenelo, amene amadula vidiyo m'mitolo n'kumaitumiza mu fulashi. Ndiye pali nambala yomuuza kuti mtolo umodzi usapose pati. "Ndiitsitsa nambalayi kuti fulashi izilandira pang'onopang'ono."

Kutsitsa? Nthawi ikundithera chonchi? Ine wokulira m'minibasi zokhala anayi pampando wa atatu?

"Ayi mayi, kwezani. Ipite kamodzin'kamodzi."

Anandiyang'ana, n'kuikweza nambalayo. Mphindi sinathe, fulashi inazimiririka pakompyuta ngati magetsi nthawi ya mvula. Titaizula n'kuilowetsanso, vidiyo inali itathera pamene mkwati akutsegula pakamwa kuti alumbire.

Ndinachita mantha. Apongozi angawo ndi mayi a mpingo. Akanaona zimenezo akanauza Nsanje yonse kuti mdzukulu wawo anangolowana.

"Tsopano nditsitse?" anafunsa a Esinati.

"Tsitsani, mayi."

Vidiyo inalowa yonse, mwakachetechete, mpaka pa perekaniperekani.

Ndili chikhalire pabenchi ya mu kontenamo ndinadziona ndekha, ndipo nanunso owerenga ndinakuonani. Ife chinthu chikanena kuti apa ndafika, timati chikunama. Wa kabaza timamukweza mayi, mwana ndi thumba la makala. Soketi imodzi timalumikizako ayironi, filiji ndi mbaula yamagetsi, ikapsa timati inali yabodza. Wantchito wakhama timamuunjikira ntchito za anthu atatu, akadwala timati wayamba ulesi. Akulu anati kuthamanga si kufika, koma ife tinamva theka loyamba lokha.

A Nachanza ndinawapeza pasiteji akukwera kale, chikwama m'manja, mwana kumbuyo. Ndinawapatsa fulashi ija ndi mtima wa munthu wophunzira. Kenako ndinangomva pakamwa panga pakuyankhula pokha:

"Poti mukupita komweko, simungatengekonso matiresi ndi kathumba ka simenti? Ndithamangire kunyumba?"

Mayiyo sanakweze mawu.

"Fulashi yokhayi, bambo. Zinazo ulendo wina."

Nambala yawo ya mtolo a Nachanza anaitsitsa kalekale, ndipo ku Nsanje anakafika. Nanga yanu ili pati?